Gwirani Mpweya

Anandiuza ndisadye kanthu kuyambira pakati pa usiku.
Pa Matundo fungo la nkhuku yootcha linandikoka malaya,
ine Zeferino, amene zaka khumi ndi zinayi
sindinadutsepo pamenepo osaimika lole.
Ndinawoloka Zambezi mimba ikulira ngati chitseko chakale.

Chipindachi ndikuchidziwa.
Ndi muno momwe Olinda anagona chagada,
tonse maso pa kanema,
kanthu konga nyemba kakugunda mumdima.
Lero kanthuko kamanditsutsa masamu patebulo.
Ndinkayesa makinawa ndi a amayi oyembekezera okha,
koma wagona chagada ndine, malaya m'khosi,
mimba yanga yoposa ija.

Mtsikana wovala zoyera, Firmina,
wa ku Domwe, ndamudziwira lilime,
akupaka zoterera pansi pa nthiti za kumanja.
Mu Tete monse, Okutobala uno,
chozizira ndi chokhachi.

"Kokani mpweya. Gwirani. Musapume."

Akuti kachipangizoka kamafuula mawu amene khutu siligwira,
mawuwo nalowa, nagunda, nabwerera,
muja mleme uyendera m'phanga.
Ndiye kuti m'kati mwangamu muli phanga
ndipo mlendo waima pakhomo, akuti odi.

"Pumani."

Akunditembenuzira kanema.
Iyi ndi impso, yakuda bwino ngati dothi la kudimba.
Ichi chapamwambachi, choyera mbuu
ngati nkhungu ya ku Tsangano m'mamawa wa Juni,
ndicho chiwindi.
Ndikumwetulira, poti kuwala ndimati n'kwabwino.
Iye sakumwetulira.
"Chanona, bambo. Awa ndi mafuta."

Koma mowa ndinaleka Olinda asanandilole!
Akupukusa mutu: si mowa wokha.
Pamenepo mboni zikulowa zokha, zosaitanidwa:
mabotolo a zotsekemera ogubuduka pansi pa mpando,
tchipisi cha pa Zobuwe podikira zikalata za pamalire,
masupuni anayi a shuga m'kapu imodzi,
tsiku lathunthu matako pampando,
mwendo ntchito yake kuponda buleki basi.

Ndikatsika kwathu ku Ulongwe amati ntchito yakuyanja.
Malume amandisisita pamimba
ngati mbuzi yosungira Khirisimasi.
Ndinkaseka.
Lamba ndinamuboola kawiri ndi msomali wamoto.

Nanga bwanji sichinandipwetekepo?
"Chiwindi sichidandaula msanga,"
akutero akupukuta kachipangizo kaja.
"Chimasenza chili duu mpaka chiume ngati chikumba.
Chakudza sichiimba ng'oma, bambo.
N'chifukwa chake timayamba ndife kukamvetsera."

Akulemba m'Chipwitikizi mawu aatali okhotakhota.
Akuti adokotala aonenso magazi,
makinawa saona zonse.
Kenako, atatsitsa mawu, m'chinenero cha kwathu:
"Chanuchi chikadali chomva.
Muchepetse thupi, muziyenda, shuga mumuone patali.
Mvula ikatha mubwerenso tidzachifunse."

Panja dzuwa likuswa miyala.
Mayi wa bokosi la madzi oundana wandiona kale,
watulutsa botolo lofiira lija osandifunsa.
Ndikuti madzi.
Akundiyang'ana ngati ndamukana ubale.

Kondakitala wa chapa akukuwa Moatize! Moatize!
Ndikumusiya apite.
Ndikufuna ndiwoloke wapansi.

Sindinkadziwa kuti mlathowu ndi wautali chonchi,
kuti umanjenjemera pansi pa mapazi,
kuti chapakati pamawomba kamphepo.
Malaya amata pomwe panapakidwa paja.
Pansi mtsinje ukupita, wosenza zake, osanena kanthu.

Ndaika dzanja pansi pa nthiti.
Zaka makumi anayi ndi zisanu tikugona mphasa imodzi
ndipo nkhope yako ndaiona lero.
Ndikanati pepa,
koma pepani sapoletsa chilonda.
Tiye tiziyenda.